Chindege cha a Twaibu

Phokoso lake ndimalimvabe mpaka lero. Linkayamba pansipansi ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, kenako mapiko akagwira mphepo linkakwera mpaka kusanduka mluzu wautali, woonda, wopyoza m'mano. Ukakhala m'nyumba unkamva kunjenjemera kukutsika ndi mlongoti, kulowa m'nthaka, n'kudzatulukira m'miyendo ya bedi. Pamodzi ndi mluzuwo pankabwera fungo la girizi wotentha ndi la asidi wa mabatire, lija loyabwa m'mphuno, litasakanikirana ndi fungo lowawasa la chinangwa choviika chimene chinkayanikidwa kuseri kwa nyumba. Umenewo unali mwera wa chaka chimene bambo anga anamwalira. Ndinali mu Sitandade 6, ndipo mtima wapachala umene anthu amandinena nawo lerowu ndinali nawo kale.

Tinkakhala m'mudzi wa asodzi kumpoto kwa mtsinje wa Bua, usanafike ku Liwaladzi. Nyumba yathu inali pakamtunda koyang'anizana ndi doko. Bambo anga, a Twaibu, sanali msodzi. Anagwirapo ntchito pagalaja ina ku boma, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi dayinamo ya lole yakale ataikulunga m'chiguduli. Anasema mapiko atatu a thabwa ndi kasemasema wobwereka kwa osema mabwato, anadula mchira wa lata n'kuumangirira kupaipi ya madzi, zonsezo n'kuzikweza pamwamba pa mlongoti wa bulugamu pabwalo pathu. Mphepo ikawomba mapiko ankazungulira, lamba n'kuzunguza dayinamo, moto n'kutsika ndi waya kulowa m'kachipinda ka mabatire. Anthu anachitcha chindege. Poyamba ankaseka kuti a Twaibu akufuna kupita ku Maka osalipira ulendo, koma ataona babu likuyaka pakhonde pathu kuseka kunatha, mabatire anayamba kubwera.

Masiku amenewo magetsi anali ku boma basi. Wailesi zikuluzikulu, makaseti ndi vidiyo ya kumsewu, zonse zinkadalira batire la galimoto, ndipo batire likafa mwini wake ankayenera kulimanga panjinga mpaka ku boma. Ndiye kwathu kunakhala pafupi. Ena ankalipira ndi usipa, ena mpunga wa faya, ena ufa wa kondowole. Ife tinalibe bwato, munda wathu unali kachigawo kamchenga kosati n'kudyetsa banja. Chindegecho ndiye chinali bwato lathu.

Bambo anadwala chifuwa dzinja lonse, n'kumwalira mpunga uli pafupi kukololedwa. Tinawaika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, ndipo mayi analowa eda. Amene simukuidziwa, eda ndi nthawi imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba ya mwamuna wake miyezi inayi ndi masiku ake, osadzola, osavala zokongola, osaonekera kwa amuna. Kwathu ankaisunga mwamphamvu. Mayi ankangoyenda m'nyumba ndi kumpanda wakuseri. Pakhomo lakutsogolo anapachikapo chitenje chakale chofwifwa, ndipo mwamuna akabwera ankakhala pakhonde, iwo n'kumalankhula ali kuseri kwa chitenjecho. Geni yawo ya mandasi kumsika inaima. Choncho chimene chinkatidyetsa ine, mayi ndi alongo anga awiri aang'ono chinali chindege chokha, ndipo wochiyang'anira ndinali ine. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wangawu unali usanakule, koma nkhonya sizinadikire.

Ntchito yake ndinkaidziwa, chifukwa bambo atayamba kufooka ndine ndinkakwera m'malo mwawo, iwo atakhala pampando pansi n'kumandikalipira. Pamlongoti anakhomapo timitengo topondapo, ndipo pamwamba, pansi penipeni pa mapiko, panali kathabwa koimapo pothira girizi. Mphepo ikanyanya ndinkakoka chingwe chopinda mchira kuti mapiko atembenukire kumbali, angathyoke. Mitu ya mabatire ndinkaipala ndi mpeni wobuntha mpaka kuwala. Akabudula anga onse anali ndi zibowo za asidi ngati adyedwa ndi makoswe, ndipo zikhadabo zanga zinali zakuda ngakhale nditasamba ndi mchenga. Koma mluzu uja unandisokoneza. Nthawi ya bambo kunalibe. Unangoyamba m'mawa wina mwera utangofika, ndipo sindinadziwe kumene unkachokera.

Tsono padoko pathu pali lamulo limene mwana aliyense amalidziwa asanadziwe n'kusambira komwe: m'mbali mwa nyanja saimba mluzu, chifukwa mluzu umaitana mphepo. Ukayerekeza kuimba pafupi ndi mabwato, khofi limakupeza mpweya usanathe m'kamwa. Ndiye taganizani chinthu choima pamwamba pa mudzi wonse, cha munthu amene wangomwalira kumene, chikuimba mluzu kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Mwera wa chaka chimenecho unalinso wamwano. Nthawi zina umawomba masiku angapo n'kupumira, asodzi n'kuthamangira panyanja. Uwu sunkapumira. Nyanja inada n'kuchita thovu, mafunde ankamenya gombe ngati akusinja. Mchenga unkalowa m'maso, m'mbale, m'zofunda. Milomo inang'ambika, miyendo yathu anafe inatuwa ngati tagona paphulusa. Mabwato anawakokera kumtunda pafupi ndi bango, mathandala oyanikapo usipa anangokhala mbee, opanda ngakhale ntchentche. Amuna ankakhala kuseri kwa mabwato atafunda mabulangete, akusewera bawo mosaseka. Njala itafika pakhosi, boti limodzi linayesa kulowa. Linagudubuzika lisanapite patali. Anthu anapulumuka, koma chilimira, ukonde waukulu uja wa usipa, chinapita. Mwini wa chilimiracho anali bambo anga aang'ono, a Saidi, mng'ono wawo wa malemu.

Kuyambira pamenepo nkhani inali imodzi padoko ponse: chindege cha malemu chikuitana mwera. Ena ankawonjezera kuti mwini wake sakufuna kuchisiya, ndiye akuimba yekha. Ine ndinayesa kufotokozera anzanga kusukulu kuti mphepo ndi imene imabweretsa mluzu, osati mluzu kubweretsa mphepo. Mnyamata wina anandifunsa kuti, "Nanga bwanji mluzu ukaleka mphepo imalekanso?" Anzake onse anavomereza kuti wandigwira. Ndinasowa poyambira, ndiye ndinayambira pamlomo pake. Aphunzitsi anandikwapula, koma funso lija linatsala chilili. Ndikuuzeni zoona, mtsutso umenewo sungaupambane. Ndakula, ndaphunzira mpaka Fomu 4, koma munthu amene watsimikiza kuti tambala ndiye amatulutsa dzuwa sindinapezebe mawu omubwezera.

Mabatire a kudoko analeka kubwera. Kenako tsiku lina masana a Saidi anakwera kamtunda kathu, anapereka salamu, n'kukhala pampando wa bambo pakhonde. Anali munthu wamtali, wofatsa polankhula, koma tsiku limenelo maso awo anali ofiira ndi mchenga ndi kusagona. Ine ndinali m'kachipinda ka mabatire, khutu lili pakhoma.

"Alamu, anthu akulira padoko. Chinthuchi chiyambe chagona pansi, mwera ukapita tidzachidzutsa."

"Adzachidzutsa ndani?" anafunsa mayi kuseri kwa chitenje. "Amene anachidzutsa munamuika nokha m'manda."

"Ana akugona ndi njala, alamu."

"Angawa akudya chomwecho mukuti chigwecho. Inu mumaswali kasanu patsiku, ndiye mukundiuza kuti mphepo ya Mulungu imamvera thabwa ndi lata?"

A Saidi anayang'ana mapiko. Mluzu unali pakati pa ntchito yake, ngati ukuchita dala. Kenako anaimirira n'kukutumula mchenga pakanzu yawo. "Mawu amenewo ndi abwino, koma sangalowe m'mimba mwa msodzi. Mawa tibwera ndi nkhwangwa. Ndati ndikuuzeni ndekha, musadzamve kwa ena."

Mayi sanandiuze kanthu tsiku limenelo, inenso sindinawafunse. Tinadya kondowole ndi chigwada, ndiwo za masamba a chinangwa, babu likuwala pamwamba pathu.

Anabwera m'mawa atatuluka kumzikiti, dzuwa litangokwera. Ndinawaona akukwera kamtunda mondondozana, amuna ochuluka ndithu, ena atanyamula zingwe za maukonde, a Saidi patsogolo nkhwangwa ili paphewa. Kumbuyo kwawo kunali ana ndi amayi obwera kudzaonerera. Sindinaganize kalikonse, ndisanamizire nzeru zimene ndinalibe. Pamene ndinkazindikira ndinali pakati pa mlongoti, manja ndi mapazi zikusinthana patimitengo tija. Chingwe chopinda mchira sindinakoke n'komwe. Ndinafika pakathabwa mapiko akuzungulira ndi mphamvu yawo yonse.

Kumwamba kuja mwera ndi chinthu china. Pansi umakukankha, kumwamba umakukoka ngati ukufuna kukuvula khungu. Mlongoti unkapita uku ndi uku, mawaya ouchirikiza akulira. Mapiko ankadutsa pafupi ndi mutu wanga, fwaa, fwaa, fwaa, mwakuti ndinapinda khosi n'kukumbatira mtengo ndi manja onse awiri, tsaya litagunda khungwa lozizira. Misozi inkatuluka yokha chifukwa cha mphepo n'kuthamangira kumakutu. Pansi ndinkaona zisoti zoyera za anthu aja zitazungulira tsinde, nkhope zonse zitayang'ana kumwamba.

"Tsika iwe Hamisi!" anakuwa a Saidi. "Tsika msanga, mwana wopanda mwambo!"

"Dulani!" ndinakuwa. "Dulani ndili pompano, mukandiike pafupi ndi bambo anga!"

"Mwano umenewu wautenga kuti mwanayu?"

"Kwa abale a bambo anga!"

Msodzi wina wachikulire anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kusekako ndi kumene kunawapsetsa mtima a Saidi. Sindikhulupirira kuti ankafuna kundigwetsa. Ankafuna kundiopseza kuti nditsike. Anakweza nkhwangwa n'kutema patsinde kamodzi. Kugundako kunakwera ndi mtengo wonse, kunalowa m'chifuwa mwanga, mano anagundana. Amayi oonerera aja anakuwa. Ine ndinakumbatira kwambiri, ndipo ndinatukwana mawu amene sindingawalembe pano.

Pamenepo chitenje cha pakhomo chinagwedezeka. Panatuluka phazi limodzi, lopanda nsapato, lowonda, n'kuponda pakhonde. Phazi lokha basi, ndi m'mphepete mwa nsalu yakuda. Thupi lonse linali mkati. Ndinaona kuchokera kumwamba chinthu chimene sindidzachiiwala: amuna onse aja, ndi zingwe zawo, anatembenuza nkhope nthawi imodzi n'kuyang'ana kunyanja, ena pansi, ngati awombedwa mbama. Mkazi wa mu eda sayang'anidwa.

"A Saidi," anatero mayi. Sanakuwe, koma mawu awo anamveka ngakhale mphepo inali ikuwomba. "Phazi ili mwaliona. Nkhwangwayo ikalira kachiwiri, linzake litsatira. Ndituluka mmene ndililimu, ndidzaima patsinde pa mtengowo. Lachisanu mukafotokoze nokha kumzikiti kuti mkazi wa mkulu wanu anamutulutsa mu eda ndani, atanyamula chiyani m'manja."

"Alamu, bwererani m'nyumba, chonde. Musatichimwitse."

"Tchimolo mwabwera nalo nokha paphewa kuchokera kudoko. Ine ndili pakhomo panga."

Mluzu wokha ndi umene unkalankhula. Msodzi wachikulire uja anayamba kukulunga chingwe chake pang'onopang'ono, n'kutsika kamtunda osatsanzika. Wina anamutsatira, winanso. A Saidi anatsala okha kwa kanthawi, msana ataulozetsa kukhomo. Anayang'ana bala loyera limene nkhwangwa inasiya patsinde, anandiyang'ana ine, kenako ananyamula nkhwangwa yawo n'kumapita. Phazi lija silinabwerere mkati mpaka mutu wawo utabisika kuseri kwa mitengo ya mango.

Ndisanatsike ndinaona chimene chinkaimba. Paipi ya mchira inali pafupi ndi khutu langa, kukamwa kwake kuli pululu. Bambo anali atatsekako ndi chidutswa cha patapata, ndipo chidutswacho chinali chitagwa. Mphepo podutsa pakamwa pa paipiyo inkalira monga muja mwana amauzira pabotolo. Mzimu wonse umene unasowetsa mtendere mudzi wathunthu unali bowo loti chala changa chachikulu chikanalitseka.

Kenako ndinatsika. Ndinapita pakhonde, ndipo dzanja linatuluka kuseri kwa chitenje, linandigwira khutu n'kundikokera mkati. Ndinkayembekezera kuyamikiridwa. Mayi anandimenya ndi patapata mpaka dzanja lawo kutopa, alongo anga akulira pakona. Atatha anakhala pansi pamkeka, akupuma ngati athamanga mtunda wautali. Ine, ndikusisima, ndinawauza za paipi, ndipo ndinati ndikwerenso mphepo ikachepa ndikatseke.

"Usayerekeze," anatero. "Ukatseka lero, mawa mwera n'kuleka wokha, adzati chiyani? Adzati bambo ako ndiwo anamiza chilimira. Chisiye chiimbe."

Chinaimbadi mpaka mwera unatha. Mtengo wake tinaulipira ndi m'mimba. Padoko pali chizolowezi chakuti mabwato akabwera, mwana wamasiye akathandiza kukoka amapatsidwa kansomba ka ndiwo. Masiku ochepa amene mphepo inkagonako n'kulola anthu kuponya mbedza pafupi, ine ndinkapita, ndinkakoka nawo, koma pogawa ankandidumpha ngati chitsa. Sindinapemphe. Ndinkabwerera manja ali m'thumba, ndikuyenda pang'onopang'ono kuti aone kuti sindikuthawa. Tinadya chigwada mpaka lilime kuchita dzanzi, ife okhala pamphuno pa nyanja. Amene anatisunga ndi anthu a kumsewu: aphunzitsi awiri ndi mwini vidiyo, amene sankasamala za mluzu bola mafilimu awo aoneke. Poti ankaopa kuonedwa akukwera kwathu, ndinkapita ndekha panjinga ya bambo kukatenga mabatire. Ndinkapalasa nditaimirira chifukwa pachishalo miyendo sinkafika, batire likugwedeza njinga kumbuyo, mphepo ikundikankhira m'tchire. Njira yachidule inalipo yodutsa kuseri kwa sukulu. Ine ndinkadzera padoko dala.

Mwera unatha monga umathera chaka chilichonse, popanda wouchonderera. Unayamba kufika mochedwa, kuchoka msanga, kenako m'mawa wina nyanja inagona ngati mafuta, mapiko akungotembenuka mwaulesi. Mabwato analowa, mathandala anadzaza, fungo la usipa linabwerera m'mudzi pamodzi ndi ntchentche zake. Padoko anati, mwaona, chaleka kuimba, mphepo yaleka. Palibe amene anabwera kudzapepesa, ndipo ife sitinapepese kwa wina aliyense. Mabatire anayamba kubwera limodzilimodzi, eni ake akutuma ana. La a Saidi linabwera ndi mwana wawo wamkazi atalisenza pamutu, pamodzi ndi kambale ka usipa wouma. Ndinafuna kulibweza. Mayi anati ndilitchaje, ndipo ndinalitchaja, koma pamapeto pa onse. Tsiku limene mayi anatuluka mu eda, atasamba n'kuvala chitenje chatsopano, anaima pabwalo akuphethira ndi kuwala, anayang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Tsopano kwera ukatseke, chandisokosera mokwanira."

Chindegecho chinatidyetsa zaka zingapo, mpaka chiswe chinamaliza ntchito imene nkhwangwa inailephera. Nthawi imeneyo ndinali kusekondale. Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba ngati yanga. Ndinkati ine ndinakwera, ine ndinatukwana, ine ndinapulumutsa ntchito ya manja a bambo anga, ndipo mayi anaima kumbuyo kwanga chifukwa mtima wathu unali umodzi pachinthu chija. Ndili ndi ana anga kale, tsiku lina ndikuwakonzera mayi magetsi a sola padenga la nyumba yawo, ndinawafunsa ngati akanatulukadi tsiku la nkhwangwa lija.

"Dzulo lake ndinali nditavomera kale mumtima kuti chigwe," anatero akusankha mpunga m'lichero. "Ndinati thabwa ndi thabwa, Mulungu sangatisiye. Ndiye ndikusuzumira pachitenje ndikuona iwe uli kumwamba ngati nyani."

"Bwanji simunandiuze kuti nditsike?"

"Iwe? Ndinakubala ndine. Ndikanati tsika, ukanakwera pamapiko penipeni. Kunatsala n'kuti iwowo achoke."

Ndili mwana ndinkadziwa kuti tinalimbana ndi mudzi wonse chifukwa cha chindege, ndipo tinapambana. Lero ndikudziwa kuti amuna aja anali ndi njala yeniyeni, ndi kuti a Saidi anataya mkulu wawo ndi ukonde wawo m'nyengo imodzi. Sizisintha kanthu: analakwa, ndipo atabweranso ndi nkhwangwa ndikhoza kukweranso, ndi mimba yangayi. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti mkazi amene anali kuseri kwa chitenje sankayang'ana mlongoti n'komwe. Anayeza zinthu ziwiri, gulu la amuna anjala ndi mwana mmodzi wouma mutu, n'kuona kuti chosavuta kubweza ndi gululo.